Petulo wa njinga yamoto: kodi nambala ya octane ili ndi ntchito kwa wakabaza wa ku Mpingwe?

Pa siteji ya kabaza ku Mpingwe, makasitomala akachepa, nkhani ya mafuta siisowa. Wina amati petulo wa pa filing'i yakuti amakoka, pomwe wa pa filing'i inayo ndi madzi enieni. Mnzake, yemwe achimwene ake ali ku Joni, amati njinga zathu zikufa msanga chifukwa kuno kulibe 95. Wachitatu amapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo kamene wagula m'sitolo ya masipeya ku Limbe, akuti ukathira m'thanki njinga imauluka. Onsewa akukamba za chinthu chimodzi chotchedwa octane, ngakhale ena dzinalo sanalimvepo. Poti njinga ndiyo khasu la wakabaza, ndipo bwana amafuna tageti yake madzulo alionse kaya injini yadwala kaya ili bwino, tasonkhanitsa mafunso amene amamveka kawirikawiri n'kuwayankha limodzilimodzi.

Kodi octane ameneyu n'chiyani?

Tiyambe tasuzumira m'kati mwa injini. Kabureta imasakaniza mpweya ndi petulo, zosakanizazo n'kulowa mu silinda. Pisitoni imakwera n'kuzipanikiza m'kamalo kakang'ono, kenaka pulagi imathetheka. Moto umayambira pa pulagipo n'kumafalikira mwadongosolo, monga uchitira moto wa tchire woyatsidwa mbali imodzi. Mphamvu ya motowo ndiyo imakankhira pisitoni pansi, tayala n'kuzungulira.

Tsono chinthu chikapanikizidwa chimatentha. Amene anapopapo tayala la njinga yakapalasa akudziwa mmene mpope umafundira m'manja. Petulo wina satha kupirira kupanikizika ndi kutentha kotere, moti amaphulika yekha m'mphepete mwa silinda moto wa pulagi uja usanamufike. Nambala ya octane imayesa kupirira kumeneku basi. Petulo wa 95 amapirira kuposa wa 93, ndipo wa 93 amapirira kuposa wa 91.

Petulo akaphulika yekha, chimachitika n'chiyani? Ndingadziwe bwanji?

Moto wochokera ku pulagi umagundana ndi kuphulika kuja, ndipo pisitoni ndi makoma a silinda zimalandira nkhonya. Kunja mumamva kaphokoso kakuthwa, ngwerengwere, ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Kamamveka makamaka pokwera chitunda. Tiyerekeze kuti mwanyamula mayi ndi thumba lawo la chimanga kuchokera ku msika wa Limbe kulowera ku Bangwe, dzuwa lili paliwombo, muli m'giya yaikulu ndipo mwapotokola mafuta mpaka kumapeto. Apo ndi pamene injini imayamba kugogoda. Mukatsitsa giya, kaphokosoko kamazimiririka.

Kugogoda kwa kamphindi sikupha injini. Kukakhala kwa tsiku ndi tsiku kumadya mutu wa pisitoni, kumathyola maring'i, ndipo nthawi zina kumaboola pisitoni yeniyeniyo. Musakusokoneze ndi kuja amakaniko amati "injini yanoka". Kunoka kumene iwo amanena nthawi zambiri ndi kugunda kolemera kochokera pansi pa injini, kobwera chifukwa cha kusowa kwa oilo kapena kutha kwa mabering'i. Kumeneko ngakhale mutathira petulo wabwino chotani sikungasiye.

Nanga manambala a 91, 93 ndi 95 anachokera kuti?

Anachokera ku America m'zaka za m'ma 1920. Katswiri wina dzina lake Graham Edgar anasankha mitundu iwiri ya mafuta kuti ikhale miyeso. Wina, wotchedwa iso-octane, ndi wopirira kwambiri, ndipo anaupatsa 100. Winawo, heptane, umaphulika msanga, ndipo anaupatsa 0. Petulo amene mu injini yoyesera akupirira mofanana ndi magawo 93 a iso-octane osakaniza ndi magawo 7 a heptane amapatsidwa nambala 93.

M'nyengo yomweyo, mu 1921, Thomas Midgley wa ku kampani ya General Motors anapeza kuti mankhwala okhala ndi mtovu amaletsa kugogoda. Dziko lonse lapansi linagwiritsa ntchito petulo wa mtovu kwa zaka zambirimbiri, mpaka zitadziwika poyera kuti utsi wake umawononga ubongo, makamaka wa ana. Maiko a kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anamusiya cha m'ma 2006, ndipo dziko lomaliza kumusiya linali Algeria mu 2021. Akuluakulu amene amakumbukira petulo wa "Super" akukumbukira masiku amenewo. Lero octane amakwezedwa ndi kayengedwe ka mafuta komanso zinthu monga ethanol.

Ndikathira petulo wa nambala yokwera, njinga siikoka kwambiri?

Ayi. Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Lita ya 95 ndi lita ya 93 zili ndi mphamvu pafupifupi zofanana. Ngati injini yanu sikugogoda ndi 93, palibe chimene 95 angawonjezere: liwiro lomwelo, makilomita omwewo pa lita. Zili ngati kuvala jekete ziwiri pamene imodzi yathetsa kale kuzizira.

Chimene chimafuna octane wokwera ndi kapangidwe ka injini. Njinga zothamanga kwambiri, zija za mipikisano, zimapanikiza mpweya ka 12 kapena ka 13, ndipo zikapatsidwa petulo wa nambala yotsika zimagogoda. Njinga za kabaza za 100cc, 125cc ndi 150cc, monga Lifo, SanLG, Kinglion, TVS ndi Bajaj Boxer, zimapanikiza mozungulira ka 9 kapena kupitirira pang'ono. Anazipanga dala kuti ziziyenda ndi petulo wamba wa m'maiko a ku Asia ndi Africa.

Tsono njinga yanga imafuna nambala yanji?

Yankho lili m'kabuku kamene kamabwera ndi njinga, kaja ambiri amakasiya m'pulasitiki mpaka chiswe chikadye. Njinga zina zimakhalanso ndi kapepala komata pa thanki. Nambala imene yalembedwapo ndi yochepetsetsa: musatsike pamenepo, koma kukwera pamwamba pake sikuwononga kanthu, kungoti sikupindulitsanso.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Miyeso ya octane ilipo ingapo. Kuno ku Africa, ku Ulaya ndi ku Asia timagwiritsa ntchito umene umalembedwa RON. Ku America ndi ku Canada pa mapampu amalemba muyeso wina, umene manambala ake amatsikirapo ndi 4 kapena 5. Petulo amene iwo amati 87 ndi yemweyo amene kuno tingamutche 91 kapena 92. N'chifukwa chake mukaonera kanema wa pa YouTube wa makaniko wa ku America akunena za 87, 89 ndi 91, musaganize kuti akukamba manambala athu.

Bwanji pa mapampu a ku Limbe sitisankha 93 kapena 95 ngati ku Joni?

Chifukwa kuno petulo ndi wa mtundu umodzi, ndipo mtengo wake wapamwamba amalengeza ndi bungwe la MERA, limene limayang'anira zamafuta ndi magetsi. Pa filing'i mumangosankha pakati pa petulo, dizilo ndi palafini. Dziko lathu lilibe fakitale yoyengera mafuta. Onse amabwera oyenga kale kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo oitanitsa akuluakulu ndi kampani ya boma ya NOCMA ndi ya Petroleum Importers Limited, imene ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa mafuta. Mafutawo amayenera kukwaniritsa muyeso wa Malawi Bureau of Standards.

Ndiye kuti ma filing'i a maina osiyanasiyana nthawi zambiri amatunga pa chitsime chimodzi. Makampani ena amathiramo mankhwala otsuka injini n'kupatsa petulo wawo dzina lapadera, ndipo mankhwalawo ntchito yake ndi kuchepetsa mwaye. Kwa njinga ya kabaza, petulo wa pa pampu amene sanasokonezedwe ali ndi octane wokwanira.

Akuti petulo wa kuno amasakaniza ndi mowa wa nzimbe. Ndi zoona? Sizikuwononga njinga?

Ndi zoona, ndipo tinayamba kale, maiko ambiri asanaganizeko. Mu 1982 kampani ya Ethanol Company inayamba kutcheza ethanol ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota pogwiritsa ntchito madzi akuda a phalaphala otsala popanga shuga. Mu 2004 PressCane inayambanso m'boma la Chikwawa. Cholinga cha boma n'chakuti ethanol azifika magawo 20 pa 100 alionse a petulo, ngakhale kuchuluka kwake kumatsika pamene ethanolyo wachepa.

Pa nkhani ya octane, ethanol ndi bwenzi. Nambala yake payekha imapitirira 100, choncho akalowa m'petulo amamukweza. Nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa zikugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mtovu, ndiponso zikupulumutsa ndalama zakunja.

Zovuta zake zilipo zitatu. Choyamba, lita ya ethanol ili ndi magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, moti petulo wokhala ndi magawo 10 a ethanol amafupikitsa ulendo ndi makilomita pafupifupi atatu pa 100 alionse. Chachiwiri, m'kupita kwa nthawi amaumitsa kapena kufewetsa mapaipi a labala osalimba, makamaka pa njinga zakale. Chachitatu, ndipo chachikulu, amakoka chinyezi. Njinga ikaima miyezi ndi thanki ya theka, kapena chivindikiro cha thanki chikamalowetsa mvula, ethanol amagwirana ndi madzi n'kutsikira pansi. Pamwamba pamatsala petulo amene octane wake watsika, pansi pali madzi amene amachititsa dzimbiri ndi kutseka timabowo ta kabureta. Njinga ya kabaza imene imamwa mafuta atsopano tsiku lililonse sikumana ndi vutoli kawirikawiri, pokhapokha chivindikiro chikhale chotha labala. Mvula isanayambe mu Novembala, chiyang'aneni.

Njinga yanga ili bwinobwino ku Mpingwe, koma ndikapita ku Chikwawa imagogoda pobwerera. Chifukwa chiyani?

Malo ndi nyengo zili ndi mbali yake. Blantyre ndi Limbe zili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya umapepuka, ndiye umene umalowa mu silinda ndi wocheperapo, kupanikizika n'kuchepanso. Injini ikakhala ku Mpingwe imakhutira ndi octane wotsikirapo. Ku Chigwa cha Shire, madera ngati Nchalo ali pansi pa mamita 100, mpweya ndi wolemera ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi kosasimbika. Onjezanipo chitunda chokhotakhota cha pa Thabwa, katundu kumbuyo, ndi injini yozizira ndi mphepo yokha yomwe ikuyenda pang'onopang'ono. Zonse zimene zimaitana kugogoda zakumana pamodzi.

Mankhwala ake ndi aulere. Kwerani chitunda ndi giya yaing'ono kuti injini izizungulira momasuka, chepetsani katundu, ndipo ikatentha kwambiri imani pamthunzi ipume kwa mphindi zingapo.

Mafuta akasowa timagula kwa mavenda a zigubu. Kodi octane wake ndi yemweyo?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Anthu a mu Blantyre sanaiwale mizere ya 2011 ndi 2012, ndiponso imene yakhala ikubwerezabwereza kuyambira 2022 chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Wakabaza sangagone pa mzere masiku awiri bwana akudikira tageti, ndiye amathamangira kwa mnyamata wa chigubu ndi fanulo amene waima kuseri kwa golosale.

Ena mwa mavendawa amagulitsa petulo weniweni, wangokwera mtengo. Koma ena amachulukitsa malita ndi palafini, amene nthawi zambiri ndi wotsika mtengo. Palafini ali ndi octane wotsika kwambiri, kutalitali ndi wa petulo, choncho ngakhale wochepa amagwetsa nambala ya chigubu chonse. Njinga imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi, imagogoda ngakhale pa kachitunda kakang'ono, pulagi imada bii. Komanso palafini sapsa yense. Wotsalayo amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kukasungunula oilo, oiloyo n'kusanduka wamadzimadzi. Pamenepo kugogoda kwa pamwamba kuja kumabala kunoka kwa pansi.

Ngakhale popanda chinyengo, chigubu chili ndi mavuto ake. Chikakhala padzuwa chosatseka bwino, mbali yopepuka ya petulo, imene imathandiza injini kulira msanga, imauluka. Chigubu chimene dzulo munali madzi, dizilo kapena mafuta ophikira chimasiya zotsalira zake. Fumbi la m'mbali mwa msewu nalo limalowa. MERA yakhala ikuletsa malonda amenewa komanso kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo, ndipo chifukwa china ndi moto: petulo wosungidwa m'nyumba momwe muli mbaula kapena kandulo ndi imfa ya banja lonse.

Ndikakakamizika kugula wa m'chigubu, ndingamuyese bwanji?

Nambala ya octane simungaiyese pamsewu, imafuna makina. Koma chinyengo chachikulu mungachigwire ndi zinthu za m'thumba.

Ng'ambani kapepala koyera m'kope, mudonthezepo madontho awiri kapena atatu, n'kukasiya pamphepo. Petulo weniweni amauma m'mphindi zochepa osasiya banga looneka. Ngati patsala chizindikiro cha mafuta, chija chimaoneka pa pepala lokulungira mandasi, muli palafini, dizilo kapena oilo. Donthezaninso pa chala. Petulo amazizira n'kuuma pompo, khungu n'kutuwa. Wosakaniza amasiya chala chikuterera ndi fungo la nyali ya koloboyi.

Za madzi, thirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, mulikhazike pansi kwa mphindi zisanu. Mukaona mzere wogawa mafutawo pawiri, kapena akuoneka a mbuu ngati madzi otsukira mpunga, musathire m'thanki. Ndipo pothira paliponse posakhala pa pampu, sefani ndi kansalu koyera. Zonsezi chitani kutali ndi moto ndi fodya. Venda amene akukana kuti muyese wakuuzani kale yankho.

Ndimamwetsa pa filing'i nthawi zonse, koma njinga ikugogodabe. Petulo wa kuno ndi woipa?

Musafulumire kuloza chala pampu. Ngati anzanu a pa siteji amwetsa pomwepo ndipo njinga zawo zili chete, vuto lili mu injini yanu. Zimene amakaniko amapeza kawirikawiri ndi izi. Mwaye ukaunjikana pamutu pa pisitoni umachepetsa malo, kupanikizika n'kukwera, ndipo mwayewo umanyeka ngati khala n'kumayatsa petulo nthawi isanakwane. Pulagi ya nambala yolakwika, yogulidwa chifukwa chotchipa, imatentha mopitirira. Zipsepse za injini zikamatidwa ndi matope a m'misewu ya ku Namiyango kapena BCA, mphepo imalephera kuziziritsa.

Chinanso ndi chizolowezi chofinya kabureta kuti njinga izimwa pang'ono. Petulo akachepa kwambiri poyerekeza ndi mpweya, injini imatentha koopsa ndipo imagogoda. Ndalama imene mwapulumutsa pa mafuta mwezi wonse imakathera pa pisitoni ndi maring'i tsiku limodzi. Pulagi ndiyo mboni: ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka zinthu zili bwino, ikayera mbee ndiye kuti injini ikuvutika ndi ludzu, ikada ndiye kuti mafuta achuluka kapena ndi osakaniza.

Koma ngati njinga zambiri zadwala tsiku limodzi zitamwa pa filing'i imodzi, sungani lisiti ndi mafuta pang'ono m'botolo, mukadandaule ku MERA. Matanki a pansi pa nthaka nawo amatha kulowa madzi, makamaka nthawi ya dzinja.

Nanga timabotolo towonjezera octane tija, ndi nzeru zina za pa siteji?

Tambiri timakweza nambala pang'ono kwambiri, ndipo njinga imene sikugogoda sikusowa kukwezako. Sitingachotsenso palafini kapena madzi m'petulo woipa. Ena amathira oilo m'thanki ati kufewetsa injini. Zimenezo n'za injini za two-stroke, zimene zinapangidwa kuti ziziwotcha oilo pamodzi ndi petulo. Njinga zambiri za kabaza ndi four-stroke, ndipo oilo m'petulo amatsitsa octane, kudetsa pulagi ndi kuchulukitsa mwaye. Ndalama ya kabotoloyo ndi bwino ipite ku oilo wabwino ndi kutsuka sefa ya mpweya.

Achimwene anga ali ku Johannesburg, amaperekera zakudya pa njinga. Iwo azisankha chiyani?

Kumeneko funsoli ndi lenileni, chifukwa mapampu a ku Gauteng amakhala ndi 93 ndi 95, ndipo 95 ndi wokwererapo mtengo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, n'chifukwa chake 93 amagulitsidwa kumeneko, pomwe m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ngati Durban ndi Cape Town wopezeka kwambiri ndi 95. Kwa njinga yaing'ono ya 125cc kapena 150cc ku Johannesburg, 93 ndi wokwanira, pokhapokha kabuku kake katanena kuti 95. Kwa munthu amene amamwetsa tsiku lililonse, kasiyanidwe ka mtengoko pakutha pa chaka ndi ndalama yoti n'kutumiza kumudzi.

Mwachidule, wakabaza wa ku Mpingwe achite chiyani?

Asiye kudandaula za 95, chifukwa njinga yake sikumufuna. Azimwetsa pa pampu pamene mafuta alipo, makamaka pa filing'i yotanganidwa imene mafuta ake sagonera. Akagula wa m'chigubu, ayese ndi kapepala ndi botolo, ndipo akakayika asinthe oilo msanga. Asafinye kabureta mopitirira, asakwere chitunda ndi giya yaikulu, aike pulagi ya nambala yake, ndipo azitsuka matope pa injini.

Mukamva timiyala tija tikulira m'chitini pokwera ku Bangwe, tsitsani giya pomwepo. Tikapitiriza kulira mawa lake, pitani kwa makaniko tsiku lomwelo, pisitoni isanaboke.